Loya akasiya mlandu uli pakati

Mlandu umene munthu wasumira mnzake ku bwalo lalikulu, kaya ndi wa ngongole, wa malo, wa kuphwanya mgwirizano wa malonda kapena wofuna chipukuta misozi pambuyo pa ngozi ya pamsewu, kawirikawiri umatenga zaka, ndipo m'zaka zimenezo zinthu zambiri zimasintha pakati pa loya ndi munthu amene akumuimira. Ndalama zimene mwini mlandu anakonza zimatha, umboni umene unkaoneka wolimba poyamba umayamba kugwedezeka, ndipo anthu awiri amene anayamba ndi kugwirana chanza amafika posayankhana foni. Potsiriza loya amanena, kapena amangosonyeza ndi zochita zake, kuti sapitiriza. Anthu ambiri kuno ku Mzuzu amaganiza kuti zikatero mlandu umaima kudikira kuti apeze loya wina, pamene ena amaganiza kuti mlanduwo wafera pomwepo. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo ndi amene amachititsa kuti munthu adzidzimuke masherifi, anthu otumidwa ndi bwalo kudzalanda katundu, atafika pakhomo pa mlandu umene iye ankayesa kuti unagona. Kwa bwalo, mlandu ndi wa mwini wake osati wa loya, choncho masiku amene malamulo anaika amapitiriza kuwerengedwa kaya loya alipo kapena wachoka.

Mwini mlandu ndi loya alibe ufulu wofanana pa nkhani yothetsa mgwirizano wawo. Mwini mlandu angathe kumuchotsa loya tsiku lililonse, ngakhale osapereka chifukwa, ndipo chimene chimamutsalira ndi kulipira ntchito imene yagwiridwa kale. Loya sangachite chimodzimodzi. Mfundo imeneyi inabwera ndi malamulo a ku England amene anayamba kugwira ntchito m'dziko muno kudzera mu lamulo la nthawi ya atsamunda lotchedwa British Central Africa Order in Council la mu 1902, amene mabwalo athu amawatsatirabe pamene Nyumba ya Malamulo sinakhazikitse lamulo losiyana nawo. Pa mlandu wa Underwood, Son and Piper ndi Lewis wa mu 1894, bwalo la apilo la ku England linagamula kuti loya akavomera kuyendetsa mlandu amakhala kuti wavomera ntchito yathunthu mpaka mapeto ake, ndipo angaisiye panjira pokhapokha ngati ali ndi chifukwa chomveka komanso wachenjeza mwini mlandu nthawi ikadalipo. Zili ngati mmisiri amene mwagwirizana naye kuti amange nyumba mpaka kufolera: sangatsike padenga mu Januwale, mvula ya ku Mzuzu ili mkati, n'kunena kuti wapeza ganyu yabwino kwina, chifukwa zipupa zimene waimika kale zidzanyowa n'kugwa ndipo zonse zimene munalowetsapo zidzapita pachabe. Chifukwa chomveka ndi chenjezo la nthawi yokwanira ndiwo muyeso umene kuchoka kwa loya aliyense kumayesedwera.

Pali zifukwa zina zimene sizimupatsa loya mpata wosankha, ndipo akakumana nazo ayenera kusiya ngakhale atakhala kuti amamumvera chisoni mwini mlandu. Chachikulu mwa izo ndi bodza. Loya amalumbira pamaso pa bwalo asanayambe ntchito yake, ndipo udindo wake kwa bwalolo umaposa udindo wake kwa munthu amene akumulipira. Tiyerekeze kuti wamalonda wina wa matabwa wasumira kontirakita amene analandira katundu koma osalipira, ndipo kwatsala milungu iwiri kuti mlandu umvedwe. Wamalondayo akubwera ku ofesi ndi risiti yokhala ndi deti la chaka chimene katundu anaperekedwa, koma pepala lake ndi loyera bwino, inki ndi yatsopano, ndipo nambala ya risitiyo ikutsatizana ndi ya marisiti a mwezi uno. Atafunsidwa akuvomera kuti, "A loya, ndalemba dzana, koma matabwa ndinaperekadi, yeniyeniyo inanyowa m'shedi." Loya woona mtima amayankha kuti, "Bambo, sindikukayika kuti matabwa munapereka, koma chikalata ichi sindingachipereke ku bwalo ngati chinalembedwa chaka chimenecho. Tiyeni tiitane dalaivala wa lole ndi anyamata amene anatsitsa katundu adzachitire umboni. Mukaumirira pa risitiyi, ine sindingapitirize." Wamalondayo akamvera, mlandu umapitirira. Akakana, loya amachoka, koma sapita kukaulula chinsinsicho kwa kontirakita kapena kwa loya wake, popeza zimene munthu anauza loya wake pofuna uphungu zimatetezedwabe ngakhale awiriwo atasiyana.

Chifukwa china chokakamiza ndi kupezeka kuti loya ali mbali ziwiri za nkhani imodzi, ndipo vutoli ndi lalikulu mu mzinda ngati wathu, mmene maofesi a maloya ndi owerengeka poyerekeza ndi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Loya amene zaka zapitazo analemba chikalata chogulitsirana puloti ku Katoto kapena ku Chibavi, akuthandiza wogula ndi wogulitsa nthawi imodzi, sangadzaimire mmodzi wa iwo pamene ayamba kukangana za pulotiyo, chifukwa akudziwa zinsinsi za onse awiri ndipo mwina iye mwini adzafunika kukhala mboni ya zimene zinalankhulidwa tsiku losainirana. Nthawi zina zimenezi sizioneka poyamba, zimatulukira mlandu uli pakati, munthu wachitatu akalowetsedwa mu mlandu n'kupezeka kuti ndi kasitomala wakale wa ofesi yomweyo. Loya amasiyanso akadwala kwambiri, akasankhidwa kukhala woweruza, akaimitsidwa ntchito, kapena akalephera kukonzanso chiphaso chake, chimene malinga ndi lamulo loyendetsa ntchito za maloya lotchedwa Legal Education and Legal Practitioners Act la mu 2018 chimayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Pa zoterezi palibe wokangana naye, chofunika ndi kuti mwini mlandu auzidwe msanga.

Mikangano yambiri imabuka pa zifukwa zimene zimalola loya kusiya koma osamukakamiza, ndipo patsogolo pa zonse pali ndalama. Kuyendetsa mlandu kumadya ndalama ngakhale loya asanatengepo yake: kulipira ku bwalo popereka zikalata, kutumiza munthu kukapereka chisamani kwa woyankha mlandu amene mwina ali ku Karonga kapena ku Mzimba, kujambula mafayilo, kubweretsa mboni, ndipo ngati loyayo amakhala ku Lilongwe, mafuta a ulendo wa makilomita oposa 300 pa msewu wa M1 ndi malo ogona tsiku lililonse limene mlandu waitanidwa, ngakhale litakhala tsiku limene mlanduwo ungosunthidwa. Loya akapempha ndalama zoyenera zoyendetsera zimenezi, napereka nthawi yokwanira, koma mwini mlandu osalipira kapena kufotokoza, malamulo amaona kuti chimenecho ndi chifukwa chomveka chosiyira. Sitingayembekezere munthu kugwira ntchito zaka zitatu ndi ndalama za m'thumba mwake. Komabe chifukwa chomveka sichichotsa udindo wochenjeza. Loya amene wakhala chete miyezi yonse osatumiza bilu, n'kudzanena madzulo a tsiku loti mawa ndi mlandu kuti sabwera pokhapokha ndalama zilowe pa Airtel Money kapena pa Mpamba usiku womwewo, sakugwiritsa ntchito ufulu wake, akupanikiza munthu amene alibe kothawira. Ine ndimaona kuti mikangano yambiri ya mtundu umenewu imayambira tsiku loyamba, pamene awiriwo amagwirizana pakamwa pokha, wina n'kumaganiza kuti dipoziti imene wapereka ndi malipiro a mlandu wonse pamene mnzake akuiwerengera ngati yotsegulira fayilo chabe. Kalata ya tsamba limodzi yonena kuti ndalama zidzawerengedwa motani, zidzalipidwa liti, ndipo chidzachitike n'chiyani zikachedwa, imateteza onse awiri, ndipo mwini mlandu asachite manyazi kuipempha.

Mwini mlandu nayenso amatha kusowa. Munthu amatsegula mlandu, kenako n'kupita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kubwerera kumudzi ku Chitipa, n'kusintha nambala ya foni osauza ofesi ya loya. Loya sangalembe umboni wolumbirira m'malo mwa mwini wake, sangavomere kapena kukana ndalama zimene mbali inayo yapereka kuti nkhani ithe, ndipo sangayankhe mafunso a woweruza pa zinthu zimene sanauzidwe. Akayesetsa kumufunafuna osamupeza, amakhala ndi chifukwa chokwanira chopempha kuchoka. Chimodzimodzinso pamene mwini mlandu akuumirira kuti loya akanene mfundo zimene m'malamulo zilibe poimira. Pa mlandu wa Richard Buxton ndi Mills-Owens wa mu 2010, bwalo la apilo la ku England linagamula kuti maloya amene anasiya chifukwa kasitomala ankawakakamiza kupereka mfundo zosatheka kuzitetezera anali ndi chifukwa chomveka, ndipo anayenera kulipidwa pa ntchito imene anali atagwira. Chigamulo chotere sichimanga mabwalo a m'Malawi, koma oweruza athu amatha kutengerapo nzeru. Tisasokoneze zimenezi ndi kusiyana maganizo wamba. Kuvomera kapena kukana kuthetsa nkhani mokambirana ndi chisankho cha mwini mlandu, ndipo loya sayenera kunyanyala chabe chifukwa uphungu wake sunatsatidwe kamodzi.

Tsopano tifike pamene anthu ambiri amapwetekera, pa kusiyana kwa zimene zachitika mu ofesi ya loya ndi zimene bwalo likudziwa. Loya akayamba kuimira munthu, dzina lake ndi keyala ya ofesi yake zimalembedwa pa fayilo ya mlandu, ndipo kuyambira pamenepo zikalata zonse za mlanduwo, kaya ndi zochokera ku bwalo kapena ku mbali inayo, zimaperekedwa ku ofesi imeneyo. Chikalata chikalandiridwa kumeneko n'kudindidwa, malamulo amaona ngati mwini mlandu wachilandira. Dzina limenelo silichoka pa fayilo ndi mawu apakamwa, kapena ndi uthenga wa pa WhatsApp, kapena ndi kalata imene loya walembera kasitomala wake yekha. Milandu ya mtundu uno ku bwalo lalikulu imayendetsedwa ndi malamulo otchedwa Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules a mu 2017, amene analowa m'malo mwa malamulo akale otengera ku England, ndipo kusintha kwa woimira munthu kumayenera kudziwitsidwa ku bwalo ndi kwa ena onse a mu mlanduwo kudzera m'chikalata. Mwini mlandu akapeza loya watsopano, loya watsopanoyo ndiye amapereka chidziwitso choti walowa m'malo mwa mnzake. Akasankha kudziimira yekha, amapereka chidziwitso chonena zimenezo pamodzi ndi keyala imene azilandirira zikalata. Ngati mwini mlandu sakuchita chilichonse mwa ziwirizi, udindo umatsalira loya wochokayo kuti akonze zoti dzina lake lichotsedwe mwadongosolo, ndipo asanatero amakhalabe woyankha ku bwalo pa mlanduwo.

Apa ndi pamene pamaonekera kuopsa kwa loya amene amasiya mwakachetechete. Mumtima mwake anasiya kalekale, fayilo inaikidwa pansi pa mulu, foni ya kasitomala siyankhidwa, koma pa fayilo ya ku bwalo dzina lake lidakalipo. Mesenjala wa mbali inayo akubweretsa chidziwitso cha tsiku la mlandu, kalaliki wa pa ofesi akusainira n'kuchiika mu thireyi, ndipo palibe amene akuimbira mayi wa ku Mchengautuba amene nyumba yake ndiyo ikukanganiridwa. Tsiku likafika woweruza amaona umboni woti chidziwitso chinaperekedwa moyenera, amaona kuti mbali imodzi sinabwere, ndipo angathe kumva mbali imene yabwerayo n'kugamula. Mayiyo sanalakwe kanthu kupatula kukhulupirira kuti kukhala chete kwa loya kukutanthauza kuti palibe chatsopano. Mwa njira zonse zosiyira mlandu, iyi ndiyo yoipitsitsa, ndipo palibe ngongole ya malipiro imene ingailungamitse, chifukwa kalata imodzi yomveka bwino ikanamupatsa munthuyo mwayi wodziteteza.

Kalata yoteroyo iyenera kunena poyera kuti loya akusiya kuyambira liti, mlandu wafika pati, tsiku lotsatira ku bwalo ndi liti, ndi zikalata ziti zimene zikuyenera kuperekedwa pofika tsiku liti, ndiponso kuti fayilo ingatengedwe motani. Kutalika kwa chenjezo kumatengera mmene mlandu ulili. Mlandu umene wangoyamba kumene sufuna nthawi yaitali ngati umene mboni zayamba kale kufunsidwa, pamene loya watsopano angafunike kuwerenga zonse zimene zinanenedwa asanaimirire pamaso pa woweruza. Woweruza akamamva pempho la loya loti achoke, kapena pempho loti mlandu usunthidwe chifukwa cha kuchokako, amayang'ana zimenezi pamodzi ndi ufulu wa mbali inayo, imene nayonso yadikira zaka ndipo sinalakwe kanthu. Oweruza amadziwanso kuti ena amasintha maloya mwadala pofuna kuchedwetsa mlandu, n'chifukwa chake munthu amene wasintha loya kachitatu tsiku lomva mlandu litayandikira sangayembekezere chifundo chimene anachipeza koyamba. Pofotokozera bwalo chifukwa chochokera, loya amayenera kusamala mawu. Angathe kunena kuti sakulandiranso malangizo kapena kuti pali zifukwa zokhudza ntchito yake zimene sizikumulola kupitiriza, koma sayenera kuyala pabwalo zofooka za mlandu wa munthu amene mpaka dzulo ankamuimira.

Masiku amene amapitiriza kuwerengedwa aja ndi ofunika kuwadziwa ndi manambala ake. Munthu akalandira chisamani cha bwalo lalikulu amakhala ndi masiku 14 oti ayankhe, ndipo akapereka yankho loyamba losonyeza kuti akufuna kudziteteza, chitetezo chake chonse chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 28 kuchokera tsiku limene analandira chisamanicho. Akalephera, wosuma angapemphe chigamulo popanda kumva mbali inayo. Kwa wosuma ngozi yake ndi ina: bwalo lingathe kufufuta mlandu umene wakhala miyezi 12 popanda chilichonse chochitika, ngakhale osamudziwitsa. Milandu yambiri imadutsanso pa zokambirana zotsogoleredwa ndi woweruza isanafike pomvedwa, ndipo kusafika pa zokambiranazo popanda chifukwa kungaonongetse mlandu. Chigamulo chomaliza chikaperekedwa, wofuna kuchita apilo ku bwalo la Supreme amakhala ndi milungu 6, pamene pa zigamulo zapakati pa mlandu amakhala ndi masiku 14 okha. Pamwamba pa zonsezi pali Limitation Act, lamulo loika malire a nthawi yosumira: zaka 6 pa nkhani za mgwirizano monga ngongole, zaka 3 pa kuvulala kwa munthu, ndi zaka 12 pa kufuna kubwezeredwa malo. Munthu amene anavulala pa ngozi ya minibasi, mlandu wake n'kufufutidwa patatha zaka zinayi chifukwa loya anaugoneka, angapeze kuti khomo losumiranso linatsekeka, ndipo chimene chamutsalira ndi kupempha bwalo kuti libwezeretse mlandu wakalewo, pempho limene woweruza angavomere kapena kukana.

Nkhani ya fayilo imavutitsanso anthu. Malamulo amene tinatengera ku England amalola loya kusunga mapepala a kasitomala ngati chikole mpaka atalipidwa, koma mphamvu imeneyi imasiyana potengera amene wathetsa mgwirizano. Mwini mlandu akachotsa loya amene sanalakwe kanthu, loyayo amakhala ndi poimira polimba kuti asunge mapepalawo kufikira bilu yake italipidwa. Loya akachoka yekha mlandu uli mkati, zinthu zimasintha. Pa mlandu wa Gamlen Chemical ndi Rochem wa mu 1980, bwalo la apilo la ku England linatsimikiza mchitidwe wakale woti loya wotere apereke mapepala kwa loya watsopano, amene amalonjeza kuwasunga mozindikira chikolecho ndi kuwabweza mlandu ukatha, cholinga chake n'chakuti mlandu usafe chifukwa cha mkangano wa malipiro. Nzeru yake ndi yomveka: munthu amene waluza mlandu chifukwa chosowa mapepala sadzakhala ndi cholipirira loya wakale kapena watsopano. Ndi bwino kukumbukiranso kuti zonse zimene zinaperekedwa ku bwalo zili pa fayilo ya bwalolo, ndipo mwini mlandu angapemphe kujambulitsa. Zovuta kuzipeza kwina ndi zikalata zenizeni monga za umwini wa malo, mabuku a ngongole ndi malipoti a kuchipatala, n'chifukwa chake munthu wanzeru amasiya zojambula ku ofesi ya loya, n'kupereka zenizenizo pokhapokha zikafunika, ndipo amasainitsa mndandanda wa zimene wasiya.

Ndalama nazo ziyenera kuwerengeredwa. Zimene kasitomala anapereka kuti zisungidwe, kapena zimene mbali inayo inalipira kudzera kwa loya, zimayenera kukhala mu akaunti ya makasitomala yosiyana ndi ya ofesi, ndipo loya akamachoka ayenera kuonetsa zimene analandira, zimene anagwiritsa ntchito ndi zimene zatsala. Munthu akaona kuti bilu yakwera mopitirira ntchito imene inagwiridwa, angapemphe kuti iunikidwe ku bwalo, kumene amayang'ana ntchito iliyonse ndi mtengo wake. Loya amene wasiya popanda chifukwa chomveka amakhala pa chiopsezo choti sangathe kuitanitsa malipiro a ntchito imene anaisiya yosatha, popeza anavomera ntchito yathunthu.

Zonsezi zimalemera kwambiri kuno kumpoto chifukwa cha mitunda. Bwalo lalikulu la ku Mzuzu limatumikira anthu ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay mpaka ku Likoma, kumene munthu amayamba wadikira sitima ya panyanja asanakwere galimoto yokwera mtunda kubwera ku Mzuzu. Kwa munthu wotere, chenjezo la mlungu umodzi silokwanira ngakhale kuti angofika pa ofesi ya loya, osanena zopeza wina. Akafika amapeza kuti mwa maofesi ochepa amene alipo, ina ikuimira mbali inayo, ina inathandizapo mbali inayo m'mbuyomu, ndipo ina ikufuna dipoziti yatsopano. Loya amene akuganiza zosiya kasitomala wa ku Nthalire kapena ku Usisya ayenera kuwerengera zimenezi poyesa kutalika kwa chenjezo lake, osati kuyerekeza ngati munthuyo amakhala kuseri kwa ofesi.

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa ndime 41, amapatsa munthu aliyense ufulu wofika ku bwalo la milandu ndi kupeza thandizo loyenera pamene ufulu wake waphwanyidwa. Ufulu wopatsidwa loya wolipidwa ndi boma pamene chilungamo chikufunika kutero uli pa ndime 42, ndipo umakhudza anthu omangidwa ndi oimbidwa milandu yaupandu. Pa mlandu wa ngongole kapena wa malo, munthu amene loya wamusiya ndipo alibe ndalama amadalira Legal Aid Bureau, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi Legal Aid Act ya mu 2011 n'kuyamba ntchito mu 2015, ndipo lili ndi ofesi ku Mzuzu. Bungweli limathandizanso pa milandu ya pakati pa anthu, koma limayamba laona ngati munthuyo alidi wosowa komanso ngati mlandu wake uli ndi mutu, ndipo nthawi zina limapempha kuti asonkheko pang'ono. Maloya ake ali ndi milandu yambiri, choncho wopita kumeneko apite msanga, atanyamula nambala ya mlandu, kalata ya loya wakale ndi mapepala onse amene ali nawo. Lamulo la mu 2018 lija limafunanso kuti maloya azigwirako ntchito zina zaulere zothandiza osowa, ndipo si kulakwa kufunsa ku Malawi Law Society, bungwe la maloya m'dziko muno, za mwayi umenewu. Kudziimira wekha n'kololedwa, ndipo pa milandu ing'onoing'ono ya kwa majisitireti anthu ambiri amatero, koma ku bwalo lalikulu ndondomeko ya zikalata ndi yolemera kwa munthu amene sanaiphunzire.

Munthu akangomva kuti loya wake akusiya, kapena akaona kuti papita miyezi osamva chilichonse, chinthu choyamba ndi kupita yekha ku ofesi yosunga mafayilo ya bwalo ndi nambala ya mlandu, akafunse chimene chinachitika komaliza ndi tsiku lotsatira. Ambiri sadziwa ngakhale nambala ya mlandu wawo, pamene ndiyo kiyi ya zonse, ndipo imalembedwa pamwamba pa chikalata chilichonse cha mlanduwo. Tsiku la mlandu likafika asanapeze loya wina, apite ndithu, aimirire mwaulemu mlandu ukaitanidwa, afotokoze kuti loya wake wasiya, aonetse kalata, n'kupempha nthawi yoti apeze womuimira. Woweruza amamvetsera mosiyana munthu amene wabwera ndi kalata m'manja ndi munthu amene sanaoneke n'komwe. Kwa loya watsopano anene zoona za chimene chinalekanitsa iye ndi woyamba uja, chifukwa maloya amafunsana, ndipo wobisa ngongole kapena risiti yokayikitsa amadzasiyidwa kachiwiri pa chifukwa chomwecho. Ndi bwinonso kutsimikiza kuti loya watsopanoyo ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, popeza Malawi Law Society imatulutsa mayina a maloya ololedwa kugwira ntchito.

Ngati kuchoka kwa loya kunali kosalongosoka, mwini mlandu angakadandaule ku Malawi Law Society, kumene madandaulo a khalidwe la maloya amaunikidwa ndi komiti yosungitsa mwambo, ndipo pa zolakwa zazikulu loya angathe kuimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula wa maloya. Angathenso kumusumira loyayo chifukwa cha kunyalanyaza ntchito, koma pamenepo ayenera kuonetsa kuti anatayadi kanthu, kutanthauza kuti mlandu woyamba uja unali ndi mwayi weniweni wopambana. Njira ziwirizi zimatenga nthawi ndipo palibe imene imaimitsa mlandu woyambawo kapena kubweza masherifi. Choncho munthu amene wazindikira mochedwa kuti chigamulo chinaperekedwa iye kulibe ayambe ndi bwalo lomwelo limene linagamula, kupempha kuti kulanda katundu kuimitsidwe kaye ndiponso kuti chigamulocho chichotsedwe. Pempho lotere limafuna umboni wolumbirira wofotokoza chifukwa chimene sanayankhire kapena sanabwerere, tsiku limene anadziwira za chigamulo, zimene anachita atangodziwa, komanso chitetezo chenicheni chimene ali nacho pa mlanduwo, chifukwa bwalo silitsegulanso nkhani kuti lingomva munthu akuvomera ngongole imene ankaikana. Makalata amene analembera loya wakale, mauthenga a pafoni amene sanayankhidwe ndi marisiti a ndalama zimene analipira ndiwo amasonyeza woweruza kuti munthuyo sanagone pa mlandu wake, ndipo pempholo liyenera kulowa m'masiku oyambirira atangodziwa, popeza mlungu uliwonse wochedwa udzafunika kuufotokozanso pamaso pa woweruza yemweyo.